Usiku wa nkhani m'holo, kenako pa podcast: tikonze bwanji kuti zisaonongeke?

Nachisale: Moni nonse. Achinyamata a m'makalabu owerenga ndi a zisudzo akhala akufunsa za usiku wa nkhani, uja woti anthu wamba amaimirira mmodzimmodzi n'kufotokoza zomwe zinawachitikiradi, kenako mawuwo n'kuikidwa pa podcast, pulogalamu ya mawu yomvera pa intaneti. Tiyeni tiike pamodzi zomwe tikudziwa. Tiyerekeze holo ya anthu 60 mpaka 80, madzulo a Loweruka, ndalama zochepa. Tiyambire pati, ndipo chimene chimaononga kawirikawiri n'chiyani?

Bambo Jere: Ambiri amene amachita zimenezi amatengera The Moth, bungwe la ku New York lokonza usiku wa nkhani, lomwe anayambitsa George Dawes Green mu 1997. Podcast yawo inayamba mu 2008, pulogalamu ya pa wailesi mu 2009. Muone kuti anatha zaka zoposa 10 akungosonkhanitsa anthu m'zipinda asanayambe podcast. Choyamba ndi chipinda ndi anthu ali momwemo, zojambula zimabwera pambuyo.

Ali ndi njira ziwiri. Ina amaitcha StorySLAM: mutu umalengezedwa pasadakhale, ofuna kulankhula amalembetsa pakhomo, mayina 10 amatoledwa mwamaere, aliyense amapatsidwa mphindi 5, ndipo nkhani iyenera kukhala yoona, yomuchitikira mwiniwakeyo, yonenedwa popanda pepala m'manja. Magulu atatu a oweruza, osankhidwa mwa omvera momwemo, amapereka malikisi. Njira inayo ndi yoti olankhula ochepa, pafupifupi 5, amasankhidwa kale n'kuthandizidwa kukonza nkhani zawo, ndipo aliyense amalankhula mphindi 10 kapena kupitirira pang'ono.

Kwa oyamba kumene, tengani njira yachiwiriyi koma mufupikitse nthawi. Maere amayenda bwino pamene anthu anaonapo kale mmene zimakhalira. Usiku woyamba mukaika chipewa choponyamo mayina pakhomo, olembetsa amakhala omwe aja okonda maiki, ndipo odzalankhulawo amakhala a ndale ndi alaliki.

Nangondo: Zoona bambo Jere. Ine ndinenepo za kukonzekeretsa olankhula, chifukwa ntchito yaikulu ili pamenepo.

Pezani anthu 8 kukadali masabata atatu. Musawafunse kuti "muli ndi nkhani?" chifukwa aliyense amayankha kuti alibe. Funsani chinthu chenicheni: tsiku loyamba pa ntchito, ulendo umene ndalama ya thiransipoti inatha muli pakati, tsiku limene munabisira makolo chinthu. Mutu wa usikuwo ukhale waufupi ndi wotakata, monga "Ngongole", "Mlendo", "Kusochera". Mitu ngati "Ubwino wa maphunziro" imabala zokamba za pa msonkhano.

Munthu akavomera, atumize voice note pa WhatsApp akufotokoza nkhaniyo mmene ikubwerera. Kawirikawiri imatalika mphindi 12 kapena 15. Imvereni muli ndi mafunso atatu: munthuyu ankafuna chiyani, akanataya chiyani zikanakanika, ndipo anasintha pati? Ngati palibe chomwe akanataya, imeneyo ndi mbiri chabe, anthu ayamba kuyang'ana mafoni pofika mphindi yachiwiri. Kenako pezani pamene nkhani ikuyambiradi. Nthawi zambiri pamakhala pakati. Zonse za kumene anabadwira ndi sukulu zimene anaphunzira zichoke, pokhapokha ngati nkhaniyo singamveke popanda izo.

Asaloweze nkhani yonse. Woloweza akaiwala liwu limodzi amaima njo, ndipo mawu ake amamveka ngati akuwerenga. Aloweze chiganizo choyamba, chiganizo chomaliza, ndi zochitika 4 kapena 5 zapakati motsatana. Mulimbikitseni kuti azinena mawu enieni amene anthu analankhula, kuti "amalume anati… ine ndinati…", osati "tinakambirana". Omvera amadzuka akamva anthu akuyankhana m'nkhanimo.

Nachisale: Nanga zija zoti munthu akangogwira maiki ayambe ndi malonje?

Nangondo: Apo ndiye pamathera nthawi, achemwali. Kwathu kuno munthu sangangoyamba kulankhula osapereka ulemu kwa amfumu, abusa, akuluakulu a bungwe ndi onse osonkhana. Ndi khalidwe labwino ndipo sitikufuna kulithetsa. Koma anthu 8 aliyense akatenga mphindi imodzi ndi theka pa malonje, zapita mphindi 12. Wotsogolera mwambo apereke ulemu wonse kamodzi poyambirira, mokwanira bwino, kenako anene poyera kuti "ulemu tapereka m'malo mwa onse amene alankhule, aliyense akabwera angoyamba nkhani yake". Akuluakulu sakhumudwa akamva kuti zakonzedwa dala, ndipo wolankhula amamasuka.

Vuto lina lili kumapeto. Tinazolowera kutseka ndi "phunziro lake ndi lakuti". Mu nkhani yoona, muuzeni munthu aime pa chinthu chomaliza chimene chinachitika kapena chimene chinanenedwa. Omvera atola okha.

Gondwe_Mzuzu: Pamenepo ndikutsutsako pang'ono aNangondo. Tikukamba ngati kusonkhana usiku kumvera nkhani kwayambira ku New York. Agogo athu akhala akuchita zimenezi pamoto kuyambira kale, makamaka nyengo yokolola ikatha. Ndipo nthano zathu zili ndi phunziro, zili ndi nyimbo, zili ndi kuvomera. Wina akati "Padangokhala", onse "Tili tonse". Lamulo loti nkhani ikhale yomuchitikira mwini, omvera akhale chete, likuchotsa chimene ife tili nacho chomwe iwo alibe. Bwanji tikutaya zathu?

Nangondo: Sitikutaya achimwene. Nthano ikhale ndi phunziro lake, ndi mmene inapangidwira. Chimene ndikukana ndi kusakaniza: munthu kufotokoza za imfa ya mwana wake kenako n'kukakamizika kutiphunzitsa. Zipatseni zigawo. Chigawo choyamba nthano ziwiri kapena zitatu kuchokera kwa achikulire, ana ali pomwepo. Popuma ana apite kwawo ndi owaperekeza. Chigawo chachiwiri nkhani zoona za akuluakulu.

Gondwe_Mzuzu: Apo tamvana. Kungoti muwerengere nthawi bwino. Nthano yokhala ndi kuvomera ndi nyimbo yobwerezedwa katatu singakwane mu mphindi 5, ipatseni 8 mpaka 10, ndipo musamulizire belu gogo. Muuzeni nthawi musanayambe, basi. Lolaninso kuti atseke mwa chikhalidwe chake, kaya ndi "Kaphuleni mbatata" anthu n'kuyankha "Yapserera", kaya mwa Chitumbuka kapena Chiyao. Amene akufuna kumva mmene nthano zimamvekera zikajambulidwa bwino afunse ku National Library Service, anagwirapo ntchito yojambula nthano m'maboma pamodzi ndi Malawi National Commission for UNESCO.

Bambo Jere: Tiwerengere tsono. Nthano 2 za mphindi 9 ndi mphindi 18. Nkhani zoona 6 za mphindi 6 ndi 36. Wotsogolera mwambo mphindi 2 pakati pa olankhula, tinene 16. Kutsegula 10, kupuma 15. Zonse pamodzi mphindi 95. Mukayamba 5 koloko madzulo mumaliza isanakwane 7, anthu apezabe minibasi ndi kabaza. Mukadutsitsa maola awiri, olankhula omaliza amalankhula ndi mabenchi, ndipo amayi ndi amene amayamba kutuluka chifukwa cha mdima.

Wosunga nthawi akhale kutsogolo pomwe wolankhula akumuona. Pa mphindi 5 akweze kakhadi, pa mphindi 6 aimirire. Belu lisalire, limalowa m'zojambula ndipo limamudula munthu mtima pamene nkhani yafika pachimake.

Nachisale: Za malikisi bwanji? Achinyamata akuti mpikisano ndi umene umakoka anthu.

Mayi Nkhoma: Ine ndikuti ayi, makamaka m'dera loti anthu amadziwana. Mayi wamasiye afotokoze mmene analandidwira katundu, kenako mnyamata wa pa benchi yachitatu akweze pepala lolembedwa 6.5? Mawa lake akumana pa mjigo. Ku mzinda waukulu woweruza ndi wolankhula mwina sadzaonananso. Kuno adzaonana.

Bambo Jere: Mfundo imeneyo ndi yolemera mayi. Pali njira ina yotenthetsera holo popanda malikisi, imene a Moth omwewo amachita. Pakhomo aliyense amapatsidwa kapepala kokhala ndi funso logwirizana ndi mutu, ayankhe chiganizo chimodzi osalemba dzina. Mutu ukakhala "Ngongole", funso likhoza kukhala "Chinthu chimene munabwereka osabweza ndi chiyani?" Wotsogolera mwambo amawerenga tiwiri kapena titatu pakati pa olankhula. Anthu amaseka, amamva kuti nawonso ali momwemo, ndipo wokonza maiki amapeza mpata wosintha kutalika kwa sitandi. Wotsogolerayo aziwerenge kaye payekha, achotse totchula mayina a anthu.

Wamawaya: Ndafika mochedwa, koma zanga ndi za mawu. Podcast yambiri ya mtundu umenewu imafa chifukwa cha chipinda, osati chifukwa cha zida.

Pitani ku holo tsiku ndi ola lomwelo la mwambo, sabata imodzi zisanachitike. Imani pakati muombe m'manja kamodzi. Mukamva mawu akubwerera kapena kulira "ngwee" kwa sekondi yathunthu, chipindacho chivuta. Maholo a simenti pansi, makoma opanda kanthu, denga la malata lopanda siling'i ndi oipitsitsa. Pachikani zitenje, makatani kapena mabulangete kukhoma lakumbuyo kwa wolankhula ndi lakumbuyo kwa omvera, yalani mphasa kapena mkeka pamene aimepo. Matupi a anthu nawo amamwa mawu, choncho kalasi yodzaza anthu 60 imamveka bwino kuposa holo ya anthu 300 muli anthu 60 omwewo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, malata opanda siling'i musawayese n'komwe. Mvula ikagwa palibe pulogalamu ya pa kompyuta imene ingachotse phokosolo.

Mukadali pomwepo tcherani khutu kunja. Chigayo chimatseka nthawi yanji? Bala yapafupi imayamba nyimbo nthawi yanji? Kwaya imaphunzira tsiku liti? Pali mzikiti pafupi? Ngati ulipo, ikani nthawi yopuma kuti igwirizane ndi kuitana kwa swala ya dzuwa litalowa, zikhala bwino kwa ojambula ndi kwa opita kukaswali omwe.

Maiki ikhale ya dynamic, monga Shure SM58 kapena yofanana nayo. Imamva chapafupi, siitola chipinda chonse. Ikhale pa sitandi, osati m'manja. Munthu wathu akamafotokoza nkhani manja sakhala pansi, maiki ikakhala m'manja imapita kumene dzanja lapita, ndipo mawu amakwera n'kutsika. Pakamwa ndi maiki pakhale mpata wa zala zinayi, masentimita 5 mpaka 10. Valikani kasiponji, ndipo maikiyo iloze pakamwa kuchokera chapambali pang'ono, chifukwa ph, th ndi kh wathu amaponya mpweya wambiri, umamveka "bu, bu" m'zojambula. Kwa gogo wokhala pansi mufunika sitandi yokhala ndi mkono wopindika, ndi mpando wosalira.

Masipika akhale kutsogolo kwa maiki, kuyang'ana anthu. Akakhala kumbuyo kwa wolankhula, mawu otuluka amalowanso m'maiki n'kuyamba kulira kuja kwa "tswii". Anthu 60 mpaka 80 sipika imodzi yokhala ndi batire lake ikwana. Uku si ku dansi, kwezani pongokwanira kuti wa kumbuyo amve.

Nachisale: Achimwene, kujambula ndi foni kuchokera pa benchi yakutsogolo sikungatheke? Si onse angapeze chojambulira.

Wamawaya: Kungatheke koma osati kuchokera pa benchi. Foni ili pa mamita 3 imajambula chipinda, sipika ndi chifuwa cha woyandikana nayo. Ngati foni ndiyo yokhayo muli nayo, gulani kamaiki kopanira pa kolala, mupanire pachifuwa cha wolankhula chikhato chimodzi kutsika kuchokera pachibwano, foniyo ilowe m'thumba mwake. Iikeni pa airplane mode, apo ayi wina akaimba zojambula ziduka, ndiponso netiweki imalowetsa kulira kuja kwa "dit-dit-dit" m'mawaya. Chotsani mikanda ndi zingwe za ma ID zokhudza maikiyo. Pamafunika munthu mmodzi woti ntchito yake ikhale yokhayo yomanga ndi kumasula kamaikiko.

Koma ngati mungabwereke chojambulira monga Zoom H4n, H5 kapena Tascam DR-40X, chitani chonchi. Tengani mawu a wolankhula kuchokera pa mikisa, potulukira pa aux, ndipo ikhale pre-fader. Chifukwa chake n'choti wa pa mikisa akamakweza kapena kutsitsa sipika ya m'holo, zojambula zanu zisasinthe. Mawu otuluka pa mikisa ndi amphamvu kwambiri kuposa a maiki. Mukawalowetsa ngati a maiki amasweka, amamveka ngati sipika yong'ambika, ndipo zimenezo sizikonzeka pambuyo. Lowetsani ngati line, kapena pa H5 yatsani pad ya -20 dB, yochepetsa mphamvu ya mawu olowa. Phantom power, magetsi amene chojambulira chimatumiza ku maiki, izimitseni, maiki ya dynamic siifuna, imangodya mabatire.

Timaiki tiwiri ta pamwamba pa chojambuliracho tiloze kwa omvera. Amenewo ndiwo agwire kuseka, kudandaula, ndi "Tili tonse" wa achimwene Gondwe. Popanda iwo, wolankhula amamveka ngati akuima pakati pa nkhani popanda chifukwa, pamene kwenikweni akudikira anthu amalize kuseka.

Jambulani WAV, mtundu wa fayilo ya mawu yosapanikiza, pa 48 kHz, 24-bit. Poyesa, munthu alankhule mokweza mmene angakwezere pachimake pa nkhani, osati "one two, one two". Mita isapitirire -12 dB. Poyesa anthu amalankhula chapansipansi, holo ikadzaza amakuwa, ndiye mpata umenewo ndi umene umakupulumutsani. Matiraki awiri amadya pafupifupi 1 GB pa ola, anayi 2 GB, choncho memori khadi ya 16 GB ikwana bwino. Ifomatidwe m'chojambulira momwemo, osati pa kompyuta. Mabatire atsopano poyamba, ena atsopano popuma, ngakhale akuoneka ngati akadali ndi moto. Ndipo pa zojambulira zina za Zoom, kudina REC kamodzi kumangoyatsa kuti mumve, nyali n'kumaphethira. Muyenera kudinanso. Yang'anani kuti manambala a nthawi akuyenda. Mahedifoni akhale kukhutu usiku wonse.

Gondwe_Mzuzu: Nanga kung'ung'udza kuja kumamveka pansi pa mawu, makamaka pa jenereta?

Wamawaya: Ndi magetsi a 50 Hz akulowa m'mawaya. Kawirikawiri kumabwera zida zikalumikizidwa ku masoketi osiyana, kapena chaja ya laputopu ikakhala pa mzere womwewo. Zida zonse za mawu zidye pa soketi imodzi, chojambulira chiyendere mabatire, mawaya akhale a XLR, aja a mapini atatu, ndipo asagone limodzi ndi chingwe cha magetsi. Ngati akuyenera kudutsana, adutsane mopingasa. Jenereta ikhale panja, mamita 20 kapena 30, kuseri kwa khoma. Musailowetse m'khonde lotseka pofuna kuchepetsa phokoso, utsi wake umapha. Kunena zoona, sipika ya batire ndi nyali za sola zimachotsa mavuto onsewa, ndipo magetsi akazima nkhani siima. Nyali imodzi iwalire wolankhula kuchokera kutsogolo chapamwamba, kwa omvera kukhale kodera pang'ono. Wamanyazi amalimba mtima akamaona nkhope za mzere woyamba wokha.

Mayi Nkhoma: Zida zamveka. Tsopano chimene chimandidetsa nkhawa ine. Munthu akavomera kulankhula pamaso pa anthu 70 a m'dera lake, sanavomere kuti apongozi ake ali ku Johannesburg amve nkhaniyo pa foni. Ndi zilolezo ziwiri zosiyana, ndipo chachiwiricho chisapemphedwe usiku womwewo. Munthu akangotsika pa siteji anthu akumuombera m'manja, asaina chilichonse. Mawa akadzuka m'pamene amakumbukira kuti anatchula dzina la mchimwene wake.

Chitani motere. Asanalankhule, asaine kapena kudinda chala pa fomu ya m'chilankhulo chake yongovomera kujambulidwa, ndipo fomuyo inene kuti palibe chimene chidzatuluke popanda chilolezo china. Wosatha kuwerenga awerengeredwe pali mboni imene wasankha yekha. Pakatha masiku 7, mumutumizire kapena mumumvetsere zimene mwakonza, zenizenizo zimene zidzatuluke. Fomu yachiwiri ikhale ndi mabokosi osiyana: pa podcast, pa wailesi, pa WhatsApp, pa Facebook, dzina lonse, dzina loyamba lokha, kapena lopeka, chithunzi inde kapena ayi. Mumuuze mosabisa kuti pa podcast mukhoza kuchotsa akasintha maganizo, koma fayilo ikalowa m'magulu a WhatsApp, madzi akatayika saoleka. Akakana, musamunyengerere, ndipo mudzamuitanenso ulendo wina kuti ena aone kuti kukana kulibe chilango.

Ndiye pali anthu otchulidwa m'nkhani, amene sanasaine kanthu. Kusintha dzina kokha sikukwanira. Mukati "mphunzitsi wamkulu wa pa sukulu ya kwathu chaka chimene ndinali Sitandade 8", mudzi wonse wamudziwa. Zinthu zitatu musazitulutse ngakhale wolankhula atavomera. Kuulula kuti munthu wina ali ndi HIV: lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limateteza chinsinsi chimenecho. Kunena wina kuti ndi mfiti: Witchcraft Act ya 1911 imati kumeneko ndi kulakwa, ndipo tonse tikudziwa zimene zimachitikira okalamba akanenedwa zotere. Ndi kunena munthu wodziwikiratu kuti anaba kapena anagwirira pamene khoti silinagamule, chifukwa mlandu woipitsa mbiri udzagwera inu ofalitsa pamodzi ndi wolankhulayo. Wosakwana zaka 18 ndi mwana, pafunika chilolezo cha kholo kapena womulera, ndipo nkhani za nkhanza zochitikira mwana zisapite pa siteji n'komwe. Zimenezo ndi za ku 116, nambala ya foni yothandiza ana, kapena ku Victim Support Unit ya polisi.

Nangondo: Ndionjezere pa zimenezo mayi. Zambiri mwa izi zimagwidwa pa voice note yoyamba ija, n'chifukwa chake maere ndi oopsa kwa oyamba kumene. Ndipo pali chizindikiro chimodzi choti nkhani sinapse: munthu akamalephera kuimaliza poyeserera chifukwa cha misozi, kawiri konse. Kulira pang'ono si vuto. Koma ngati bala likadali laliwisi, muuzeni mwaulemu kuti nkhaniyi idikire, abwere ndi ina. Pa usikuwo pakhale munthu wachikulire wodalirika pafupi ndi khomo, woti wolankhula kapena womvera amene zamukhudza akhoza kutuluka naye panja.

Mayi Nkhoma: Komanso wotsogolera mwambo anene poyamba ndi pambuyo popuma kuti mafoni asajambule. Mafomu onse aja alibe ntchito ngati wina wa mzere wachiwiri waika kale vidiyo pa TikTok anthu asanafike kunyumba. Anthu awiri aime m'mbali kuyang'anira, woonedwa akujambula apemphedwe mwakachetechete kuti afufute.

Nachisale: Zikomo mayi. Tsono tajambula, chilolezo chilipo. Kukonza kwake?

Wamawaya: Usiku womwewo koperani mafayilo malo awiri, laputopu ndi flash kapena hard drive, musanafufute khadi. Dzina la fayilo likhale ndi deti, nambala ya wolankhula ndi mutu. Mafomu muwajambule chithunzi musunge pamodzi ndi mafayilowo, koma kumene anthu ochepa okha angafikeko.

Audacity, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mawu, ndi yaulere ndipo ikwana. Ikani tiraki ya wolankhula pamwamba, ya omvera pansi. Mudzaona kuti mukazisakaniza mofanana, mawu amamveka ngati ali m'chitini. Chifukwa chake n'choti mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, ndiye chojambulira chikakhala mamita 10 kuchokera ku sipika, tiraki ya omvera imachedwa ndi pafupifupi mamilisekondi 30. Kokerani tiraki ya omverayo kumanzere mpaka mafunde agwirizane, kenako muitsitse kwambiri pamene munthu akulankhula, muziikweza pokhapokha pa kuseka, kuvomera ndi nyimbo. Kwezani pang'onopang'ono, osati mwadzidzidzi.

Pa tiraki ya wolankhula dulani zonse za pansi pa 80 Hz ndi high-pass filter, zimachotsa kugunda kwa mapazi ndi kung'ung'udza kwina. Noise reduction, yochotsa phokoso, muigwiritse mosamala, 6 mpaka 9 dB basi. Mukapitirira, munthu amamveka ngati akulankhulira m'madzi. Compressor, yochepetsa kusiyana kwa mawu okwera ndi otsika, pang'ono kuti ponong'ona pazimveka mu minibasi. Pomaliza loudness normalization, yoika mawu onse pa mlingo woyenera: -19 LUFS ngati ndi mono (tchanelo imodzi), -16 ngati ndi stereo (matchanelo awiri).

Chachikulu, musadule kupuma kwa wolankhula. Okonza ambiri akaona mpata wa masekondi atatu pa sikirini amaufufuta, pamene mpata umenewo ndi pamene holo yonse inagwira mpweya. Chotsani kutsokomola, kugunda kwa sitandi, dzina loyenera kubisidwa, ndi poyambira pabodza ngati munthu anayambiranso. Musasunthe ziganizo kuti nkhani ikome, imeneyo sikhalanso yake.

Gondwe_Mzuzu: Nyimbo yotsegulira musangotenga ya woimba wodziwika. Ili ndi eni ake, ndipo za chilolezo ndi ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, komanso Spotify ndi YouTube amatha kuichotsa pulogalamu yonse chifukwa cha masekondi ochepawo. Pemphani wa m'dera momwemo woimba kalimba, bangwe kapena gitala akuimbireni masekondi 15 a nyimbo yopeka yekha, mulembe pangano, mumulipire, muzimutchula.

Bambo Jere: Pa kufalitsa, ganizirani bandulo ya womvera. MP3 ya mono pa 64 kbps imadya pafupifupi theka la MB pa mphindi, ndiye nkhani ya mphindi 8 ndi 4 MB. Usiku wonse mu fayilo imodzi ungapitirire 40 MB, ambiri sadzatsegula. Tulutsani nkhani imodzi pa sabata: mawu otsegulira masekondi 30 onena mutu, malo ndi wolankhula, nkhaniyo, kenako deti la usiku wotsatira. Mwa anthu 8, ena akana, ina mawu sanamveke bwino. Zikatsala 4 kapena 5 zakukwanirani mwezi wonse mpaka mudzakumanenso.

Kuti ikhale podcast yeniyeni pafunika malo osungira amene amapereka RSS feed, linki imene mapulogalamu a podcast amatengerapo nkhani zanu. Spotify for Creators, imene kale inali Anchor, ndi yaulere, ndipo feed yomweyo mukhoza kuipereka ku Apple Podcasts. Chithunzi chake chikhale cha mbali zofanana, mapikiselo 1400 mpaka 3000. Mutu ndi kufotokoza kwa nkhani iliyonse lembani m'chilankhulo chimene yanenedwa, kuti wofufuza m'Chichewa aipeze. Njira imeneyi imafikira a m'tauni ndi abale ali kunja. A kumudzi kumene nkhaniyo yachokera muwafikira pa WhatsApp, pa memori khadi, ndi pa wailesi za m'madera monga Dzimwe, Mudzi Wathu, Nkhotakota kapena Mzimba. A wailesi afunseni kutalika kwa mpata wawo musanakonze, ndipo muwapatse WAV kapena MP3 ya 128 kbps kupita m'mwamba, osati ija yopanikiza ya pa WhatsApp.

Mayi Nkhoma: Pa wailesi ya m'dera m'pamene mawu a munthu amadziwika msanga, ngakhale dzina mutabisa. Bokosi la wailesi pa fomu lija mulifotokoze kawiri.

Nachisale: Funso lina limene achinyamata anafunsa: wolankhula akaima pakati, mutu wayera, titani?

Nangondo: Wotsogolera mwambo asathamangire pa maiki. Awerenge chamumtima mpaka 10, nthawi zambiri munthu amapeza yekha njira, ndipo omvera akaomba m'manja pang'ono zimathandiza. Zikapitirira, amene anamukonzekeretsa akhale pa mzere woyamba ali ndi kapepala ka zochitika 4 kapena 5 zija, amufunse mokweza funso limodzi losavuta, monga "ndiye mutafika pa depoti panachitika chiyani?" Funso limamubwezera m'nkhani kusiyana ndi kumuuza mawu oti anene. Pakhale botolo la madzi pansi pafupi ndi sitandi, kumwa kumamupatsa masekondi oganiza popanda manyazi. Woyamba pa ndandanda akhale wolimba mtima wokhala ndi nkhani yopepuka, wamantha akhale wachitatu kapena wachinayi holo itatentha kale, ndipo nkhani zolemera ziwiri zisatsatane.

Wamawaya: Ndipo wojambula asaimitse chojambulira pamenepo. Chisiyeni chiziyenda kuyambira anthu asanakhale pansi mpaka popuma. Musanatsegule zitseko jambulaninso masekondi 30 a chipinda chili zii, mudzawafuna potseka mabowo pamene mwadula dzina la munthu.